MBUZI ZA MKAKA: MTUNDU UTI UYENERA KHOLA LATHU?

Acikumbi anzathu, fodya akagulidwa ndipo cimanga cikalowa m'nkhokwe, ambiri a ife timayamba kulingalira za ciweto cimene tingagule ndi ndalama zotsala. Ng'ombe ya mkaka ndi ya mtengo wapatali, ndiponso ifuna busa lalikuru limene ambiri tiribe. Cifukwa cace ena atembenukira ku mbuzi za mkaka za mitundu yocokera ku maiko akunja. Maganizo amenewa ngabwino, pakuti mwana wakumwa kapu ya mkaka tsiku liri lonse amapirira bwino miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Koma mbuzi za mkaka ziri za mitundu ingapo, ndipo sizilingana pa kucuruka kwa mkaka, pa zimene ziri m'kati mwa mkakawo, kapena pa cakudya cimene thupi lao lifuna. Munthu wogula mosadziwa akhoza kutaya ndalama za fodya wa caka cathunthu pa mbuzi imene idzafa dzinja loyamba lisanathe. M'phunziro lino tilinganiza mitundu inai ya kunja ndi mbuzi yathu ya makolo, kuti ali yense posankha adziwe cimene ali kucita.

MITUNDU YACE NDI KUMENE INACOKERA

Saanen. Mbuzi iyi inacokera ku cigwa ca Saanen m'dziko la Switzerland, dziko la mapiri atali ndi lozizira kwambiri. Ndi yoyera mbuu thupi lonse, ya ubweya waufupi ndi makutu oimirira. Yaikazi yokhwima ilemera makilogalamu 60 kapena kupitirira. Pa mitundu yonse ya mbuzi, iyi ndiyo yochuka pa kucuruka kwa mkaka.

Toggenburg. Nayonso nja ku Switzerland, ku cigwa ca Toggenburg, kumene anayamba kulemba mibadwo yace m'buku m'caka ca 1890. Maonekedwe ace ndi odera, ndipo izindikirika ndi mizere iwiri yoyera yotsika kumaso ndi miyendo yoyera kumunsi. Icepa pang'ono poilinganiza ndi Saanen.

Alpine. Iyi nja ku mapiri a Alps ku France, ndipo ndiyo mbuzi ya mkaka yocuruka koposa m'dzikomo. Iribe maonekedwe amodzi: zina nzofiirira za mzere wakuda pamsana, zina nzamawanga. Msinkhu wace uli pafupi ndi wa Saanen.

Anglo-Nubian. Mtundu uwu unapangidwa ku England m'zaka zomaliza za m'ma 1800, pokweretsa mbuzi za kumeneko ndi atonde ocokera ku India ndi ku maiko a kumpoto kwa Africa. Siibvuta kuizindikira: makutu ace ngatali, olendewera, ndi mphuno yace njokhota ngati ya nkhosa. Popeza makolo ace ena anali a ku maiko otentha, ipirira dzuwa kupambana mitundu itatu ija.

Mbuzi ya makolo. Iyi ndi mbuzi yathu ya m'midzi, imene mkota wace ulemera makilogalamu 20 kufikira 30. Makolo athu sanaiwete cifukwa ca mkaka, koma cifukwa ca nyama, malipo ndi miyambo, kotero kuti pa mibadwo yonseyi zimene zinapulumuka ndi kuswana ndizo zopirira cilala, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba.

Ticenjezane pano za mbuzi ya Boer ya ku South Africa, yoyera thupi ndi yofiira mutu. Ndi yaikuru ndi yokongola, koma ndi mbuzi ya nyama. Wofuna mkaka asanyengedwe ndi msinkhu wace.

KUCURUKA KWA MKAKA

Poyesa mkaka tigwiritsa nchito lita, imene iri ngati makapu anai apakati. Mbuzi zikadyetsedwa mokwanira kwao kozizira, mkaka wace umakhala pafupifupi motere:

Saanen: malita 3 pa tsiku kapena kupitirira, kwa miyezi 9 kapena 10.
Alpine: pafupi ndi Saanen, kucepa pang'ono cabe.
Toggenburg: malita 2 ndi theka pa tsiku, kwa miyezi yomweyo.
Anglo-Nubian: malita 2 kufikira 2 ndi theka, ndipo kawirikawiri iphwa msanga kuposa zinzace.
Mbuzi ya makolo: kapu imodzi, nthawi zina awiri, kuonjeza pa umene mwana wace wayamwa, kwa miyezi 3 kapena 4.

Tisayang'ane mkaka wa tsiku limodzi lokha. Ciwerengero ceniceni ndico mkaka wonse kuyambira pobereka kufikira pophwa. Saanen yopatsa malita 3 kwa masiku 280 yapereka malita 840. Mbuzi ya makolo yokamidwa kapu imodzi kwa masiku 100 yapereka malita 25. Kusiyana kumeneku nkwakukuru ndithu, ndipo ndiko kumakopa anthu.

Koma tikumbukire kuti ziwerengero za mbuzi za kunjazo nza mbuzi zokhuta, zokhala kozizira, zosalumidwa ndi nkhupakupa. Saanen yomweyo ikamangidwa pacingwe m'mbali mwa munda monga ticitira ndi mbuzi zathu m'dzinja, mkaka wace utsika kufikira theka kapena kucepera apo. Mtundu ungoika malire a mkaka umene mbuzi ingathe kupatsa. Cimene cifikitsa mbuzi pa malirewo ndico cakudya ndi kasamalidwe.

ZIMENE ZIRI M'KATI MWA MKAKA

Mkaka wonse suli umodzi. Tikagawa mkaka wa mbuzi m'magawo 100, pafupifupi magawo 87 ndi madzi. Magawo 13 otsalawo ndiwo cakudya ceniceni: mafuta, zomanga thupi, shuga wa mkaka, ndi micere yolimbitsa mafupa ndi mano. Shuga ali ngati magawo 4 kapena 4 ndi theka, ndipo sasintha kwenikweni pa mitundu yonse. Micere siifika gawo limodzi lathunthu. Zimene zisiyana kwambiri ndi mafuta ndi zomanga thupi.

Saanen, Alpine ndi Toggenburg: mafuta magawo 3 kufikira 3 ndi theka pa 100, zomanga thupi pafupifupi magawo 3.
Anglo-Nubian: mafuta magawo 4 ndi theka kufikira 5, zomanga thupi magawo 3 ndi theka kapena kupitirira.
Mbuzi ya makolo: mafuta magawo 5 kufikira 7, zomanga thupi magawo 4 kapena kupitirira.

Apa tiona lamulo loyenera kulisunga: mbuzi ya mkaka wambiri ipatsa mkaka wamadzimadzi, ndipo mbuzi ya mkaka wocepa ipatsa mkaka wonona.

Tiyeni ticite samu pang'ono. Lita imodzi ya mkaka ilemera pafupifupi magalamu 1,000. Ngati mafuta ndi magawo 3 ndi theka pa 100, m'lita imodzi muli magalamu 35 a mafuta. Saanen ya malita 3 yapereka tsono magalamu 105 pa tsiku. Anglo-Nubian ya malita 2, ya mafuta magawo 5, yapereka magalamu 100. Taonani: ngakhale m'cikho mwa Saanen muli lita yathunthu yoposa, mafuta a mbuzi ziwirizi ali pafupifupi cimodzimodzi. Mbuzi ya makolo yoturutsa theka la lita, ya mafuta magawo 6, yapereka magalamu 30 okha. Mkaka wace ngwonona koposa, koma ngwocepa kwambiri kotero kuti siingapikisane ndi zinzace.

Phindu la samuyi nlotani? Wogulitsa mkaka pa botolo apindula ndi Saanen kapena Alpine, pakuti wogula alipira kucuruka kwace. Wofuna mkaka wothira m'phala la ana kapena wopanga cambiko cokhuthala adzakondwa ndi Anglo-Nubian kapena mbuzi zosakanizika ndi zathu.

Mkaka wa mbuzi imodzi yomweyo umasinthanso. Masiku oyamba itabereka iturutsa mkaka wacikasu wokhuthala umene uli ndi zoteteza mwana wace ku matenda. Umenewu ngwa mwana wa mbuziyo, ndipo auyamwe tsiku lomwelo labadwa. Mkaka ukafika pocuruka penipeni mafuta atsika, ndipo akweranso mbuzi ikayandikira kuphwa. Ndiponso mkaka womalizira kuturuka pokama ndiwo wa mafuta ambiri. Wokama mwaulesi asiya zonona m'bere.

Ena adabwa kuti mkaka wa mbuzi ngwoyera kuposa wa ng'ombe, ndi kuti mafuta ace sayandama msanga pamwamba. Cifukwa cace ncakuti timadontho ta mafuta ace ntating'ono ndipo sitigwirana msanga, ndiponso mbuzi isanduliza cikasu conse ca m'msipu kukhala vitamini A cisanafike mu mkaka. Kuyera kumeneku sikutanthauza kuti mkakawo ngwopanda mafuta.

M'MENE THUPI LA MBUZI LIPANGIRA MKAKA

Kuti timvetse cifukwa cace mitundu isiyana cotere, tiyenera kudziwa ulendo wa cakudya m'thupi la mbuzi. Onse amene anasendapo mbuzi adziwa kuti mimba yace iri ndi zipinda zinai, ndipo cacikuru ndico cifu. M'cifumo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, tosawerengeka, timene nchito yace ndi kuoletsa udzu ndi masamba monga m'mene cimera cisandutsira phala kukhala thobwa. Mbuzi ikagona pamthunzi ndi kubzikula, iri kuperanso cakudyaco kuti tiziromboto ticigwire bwino, ndipo malobvu ace acepetsa kuwawasa kwa m'cifu.

Pa kuola kumeneku paturuka timadzi towawasa ta mitundu ingapo, timene tilowa m'mwazi. Iwiri mwa mitunduyi ndiyo itikhudza. Mtundu woyamba ucuruka mbuzi ikadya udzu ndi masamba, ndipo bere liutenga ndi kupanga nao mafuta a mkaka. Mtundu waciwiri ucuruka mbuzi ikadya gaga ndi cimanga. Umenewu upita ku ciwindi, cimene ciusandutsa shuga wa m'mwazi, ndipo bere litenga shugayo ndi kupanga shuga wa mkaka.

Shuga wa mkakayu ndiye amakoka madzi kulowa m'bere. Bere likapanga shuga wambiri, madzi alowa ambiri, ndipo mkaka ucuruka. Ici ndico cifukwa cace shuga sasintha pa mitundu yonse, pamene mafuta amasintha. Bere la Saanen nlalikuru ndipo lipanga shuga wambiri, motero mafuta ace asungunuka m'madzi ambiri. Bere la mbuzi ya makolo lipanga shuga wocepa, motero mafuta ace akhala m'madzi ocepa.

Nchito imeneyi si yaing'ono. Kuti bere lipange lita imodzi ya mkaka, malita 400 kapena 500 a mwazi ayenera kupyola m'menemo. Mbuzi ya malita 3, ngakhale ingoima m'khola tsiku lonse, iri pa nchito yolemetsa ngati ng'ombe ya pagoli.

Cakudya ca mbuzi cigwira nchito ziwiri. Yoyamba ndi kusunga moyo: kupuma, kuyenda ndi kufunditsa thupi. Yaciwiri ndi kupanga mkaka. Pa nchito yoyamba yokha, Saanen ya makilogalamu 60 ifuna cakudya ca mbuzi ziwiri za makolo za makilogalamu 25. Tikaonjezapo malita 3 a mkaka, cofunika cace ciwirikiza kawiri ndi theka. Mwacidule, Saanen imodzi yokamidwa idya monga mbuzi zitatu za makolo zoyamwitsa, ndipo cakudyaco ciyenera kukhala cabwino koposa, pakuti cifu cace sicingalandire mapesi ouma okwanira kupereka mphamvu yonseyo.

MILUNGU YOYAMBA ITABEREKA

Pano ndi pamene kusiyana kwa mitundu kuonekera moopsa. Mkaka ufika pocuruka penipeni pakati pa milungu 4 ndi 8 mbuzi itabereka, koma cilakolako ca kudya cikwera pang'onopang'ono ndipo cifika pacimace mocedwerapo. Pa milungu imeneyi mbuzi ituruka zambiri kuposa zimene ilowetsa, ndipo isungunula mafuta a thupi lace kuti ikwaniritse mkaka. Iri ngati banja limene liri kudya za m'nkhokwe pamene za m'munda zisanace.

Mbuzi ya makolo ikaona kuti cakudya cacepa, imacepetsa mkaka ndi kusunga thupi lace. Mbuzi za ku Ulaya zinasankhidwa pa mibadwo yambiri kuti zisatero. Saanen ipitiriza kuthira thupi lace m'cikho kufikira nthiti zonse zioneka. Mafuta a thupi akasungunuka ambiri pa nthawi imodzi, ciwindi cilephera kuwatha, ndipo zotsalira zace zidzaza m'mwazi. Mbuzi ileka kudya, ifooka, mpweya wa m'kamwa mwace ununkha mwacilendo, mkaka ugwa, ndipo ikhoza kufa. Bvuto lomweli ligwiranso mbuzi ya bere la mapasa m'milungu 6 yomaliza isanabereke, pakuti ana akula msanga ndi kupanikiza cifu.

Kupewa kwace nkotere. Mbuzi ikhala ndi bere masiku 150, ndiyo miyezi 5. Tileke kuikama miyezi 2 isanabereke kuti ipumule. M'milungu 6 yomaliza tiyambe kuipatsa gaga pang'onopang'ono, kuonjeza mlungu ndi mlungu. Ifike pobereka iri ndi thupi labwino, yosaonda ndiponso yosanenepa kopitirira, pakuti yonenepetsa nayonso igwidwa ndi nthenda yomweyi.

Palinso ngozi ya mbali yina. Mlimi wofuna mkaka wambiri akhoza kuthira gaga kapena cimanga cambiri nthawi imodzi. Pamenepo cifu ciwawasa kopitirira, tizirombo togaya udzu tifa, mafuta a mkaka atsika, mbuzi itsegula m'mimba kapena kutupidwa, ndipo zina zimafa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Gaga aperekedwe kawiri pa tsiku, pang'onopang'ono, mbuzi itayamba yadya msipu.

DZUWA NDI MATENDA

Kuola kwa cakudya m'cifu kuturutsa kutentha, monga mulu wa manyowa umatenthera m'kati. Mbuzi yodya kwambiri ndiyo yotentha kwambiri m'thupi. Cifukwa cace m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala Saanen ipuma mwawefuwefu, icepetsa kudya kuti iziziritse thupi, ndipo mkaka utsika. Khungu lace loyera lipsanso ndi dzuwa, makamaka pa bere ndi m'makutu. Malo okwera ndi ozizira monga Dedza, Thyolo, Mulanje ndi mapiri a Zomba ayenerana nazo mbuzi za ku Switzerland ndi France kuposa zigwa zotentha za Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja. Kumalo otenthako Anglo-Nubian kapena mbuzi zosakanizika ndizo zingapirire.

Adani akuru a mbuzi za kunja ndi atatu. Woyamba ndi nkhupakupa zazikuru zamawangamawanga, zimene zipatsa nthenda imene madokotala a ziweto amaicha heartwater: mbuzi itentha thupi, iyenda mozungulira, igwa ndi kupalasa miyendo. Mbuzi zathu zambiri zinazolowera nthendayi, koma za kunja zimafa nayo msanga. Waciwiri ndi njoka za m'mimba zoyamwa mwazi, zimene zicuruka m'dzinja. Titsegule cikope ca m'munsi, ndipo tikaona kuti m'kati mwayera m'malo mofiira, kapena kuti pansi pa cibwano patupa, tidziwe kuti mwazi watha. Wacitatu ndi cibayo, cobwera ndi khola lonyowa ndi lopanda mpweya.

Mankhwala oyamba a zonsezi ndi khola lokwezeka, lotalika ngati mita imodzi kucokera pansi, la mipata pansi pace kuti ndowe ndi mkodzo zigwe, lofolera bwino ndi lopita mphepo. Mbuzi ikhale m'menemo ndipo cakudya cidze kwa iyo. Ikapanda kudya pa busa la mudzi wonse, ikumana ndi nkhupakupa ndi njoka zocepa. Manyowa ogwera pansi pa kholalo ndi cuma cina ca m'munda wa cimanga ndi wa fodya.

KUSAKANIZA MITUNDU

Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Saanen yoyera njokoma m'maso, koma kwa mlimi woyamba kumene, njira yosataya ndalama ndiyo kukweretsa mikota yathu yabwino ndi tonde wa mtundu wa mkaka. Ana obadwa pamenepo ali ndi theka la mwazi wa kunja, ndiwo magawo 50 pa 100. Msoti wotere ukakweredwanso ndi tonde wina wa mtundu weniweni, ana ace ali ndi magawo 75. Tikabwerezanso afika magawo 87 ndi theka. Mwazi wa kunja ukamakwera mkaka ukwera, koma kupirira kutsika. Mbuzi ya theka, yodyetsedwa bwino, ikhoza kupatsa lita imodzi kapena imodzi ndi theka pa tsiku, ndipo ya magawo 75 ikhoza kufika malita 2.

Anzathu a maiko oyandikana nafe anayenda kale njira imeneyi. Ku Mgeta, m'mapiri a Uluguru ku Tanzania, mbuzi za mkaka za ku Norway zinafika m'caka ca 1988 mothandizidwa ndi sukulu ya zaulimi ya Sokoine, ndipo alimi a minda yaing'ono anaziweta ndi kuzicurukitsa. Ku Meru m'dziko la Kenya, kuyambira m'caka ca 1996, bungwe la Farm Africa linathandiza magulu a alimi kusunga atonde a Toggenburg okweretsa mbuzi za m'midzi, ndipo colinga cao cinali kufika pa magawo 75 ndi kuima pomwepo. Malo onse awiriwa ngokwera, ndipo alimi ace anagwirizana m'magulu.

Phunziro lace nlakuti tonde mmodzi akwanira mudzi. Mabanja angapo asonkhe ndalama, agule tonde mmodzi wabwino, ndipo mmodzi wa iwo amsunge. Atonde ena onse a m'makola mwao afulidwe kapena apatulidwe. Tonde asakwere ana ace. Pakatha caka ndi theka asinthanitsidwe ndi wa gulu lina. Msoti usakweredwe usanafike magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa mbuzi yokhwima, ndipo ukaphonya, udzafunanso tonde pakapita masiku 21.

CAKUDYA CA PA MUNDA PATHU

Tisanagule mbuzi, tibzale cakudya cace. Mbuzi yaikuru ya malita 3 ifuna mtolo wa makilogalamu 7 kapena 8 a msipu wauwisi tsiku liri lonse, ndi gaga wosakaniza wokwana ngati kilogalamu imodzi. Lamulo losabvuta kukumbukira ndi ili: pa lita iri yonse ya mkaka, magalamu 400 a cakudya coonjezera.

Zambiri tiri nazo kale. Nsenjere ibzalidwe pa migula ndi m'mbali mwa dimba, kumene igwiranso nthaka. Masamba a nandolo, a mbatata ndi a gliricidia, ndiponso nyemba za msangu, ziri ndi zomanga thupi zambiri. Lukina ngwabwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a cakudya ca tsiku, pakuti wocuruka athothola ubweya ndi kudwalitsa. Zotsala za mtedza tikakolola ziumitsidwe pamthunzi ndi kusungidwa pa thandala kudikira cirimwe. Mapesi okha angodzaza mimba. Aperekedwe pamodzi ndi masamba. Gaga apatsa mphamvu, koma acepa zomanga thupi ndi micere ya mafupa, motero asakanizidwe ndi soya wokazinga kapena zotsala za mpendadzuwa woyengedwa mafuta, ndi mcere pang'ono. Mtedza kapena cimanga ca cuku tisapatse mbuzi yokamidwa, pakuti ululu wa cukuco upyola kulowa mu mkaka umene ana athu adzamwa. Msipu wa m'mbali mwa nazale kapena munda wa fodya wopoperedwa mankhwala tisaumwete.

Madzi asasowe. Taona kuti magawo 87 a mkaka ndi madzi. Mbuzi ya malita 3 ikhoza kumwa malita 10 kapena kupitirira pa tsiku lotentha. Ngati citsime ciri kutali, tiwerengere nchito imeneyi tisanagule.

KAKAMIDWE

Tikame kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, pa nthawi yosasintha. Tisambe m'manja, titsuke bere ndi madzi ofunda ndi kulipukuta. Mkaka woyamba kuturuka tiukamire m'kapu yapadera. Tikaona zibuma kapena mwazi, kapena bere likatentha ndi kulimba, tiitane mlangizi wa ziweto. Tonde akhale kutali ndi pokamira, pakuti pfungo lace lilowa mu mkaka. Mbuzi ikabayidwa kapena kumwetsedwa mankhwala, tifunse masiku oyenera kudikira tisanamwenso mkaka wace.

Mkaka wonse uwiritsidwe usanamwedwe. M'caka ca 1887, pa cisumbu ca Malta, dokotala David Bruce anapeza kacirombo ka malungo amene anali kusautsa asilikari kumeneko, ndipo m'caka ca 1905 dokotala wa komweko, Themistocles Zammit, anaonetsa kuti kacirombo kameneka kanali kufika kwa anthu kupyolera mu mkaka wa mbuzi wosawiritsa. Bruce yemweyo anadzagwira nchito m'dziko lathu lino pa nthenda ya kaodzera nkhondo ya 1914 isanayambe. Mbuzi yonyamula nthenda ya ku Malta ija ikhoza kuoneka yamoyo bwino. Cizindikiro cace cacikuru ndi kutaya bere. Moto ndiwo upha kaciromboko.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere la amace lokha. Pambuyo pace mkaka wa mbuzi wowiritsa uthiridwe m'phala lace, koma usalowe m'malo mwa bere, pakuti ucepa zina zofunika popanga mwazi wa khanda.

TSONO TISANKHE ITI?

Yankho liri m'munda mwathu ndi m'khola mwathu. Wokhala kozizira, amene ali ndi dimba la nsenjere, madzi pafupi, khola lokwezeka, mlangizi wa ziweto wofikirika ndi anthu ogula mkaka, akhoza kuweta Saanen, Alpine kapena Toggenburg, ndipo adzaona phindu. Wokhala kotentha ayang'ane Anglo-Nubian kapena ana ace. Woyamba kumene, ndiponso amene manja ace onse amatanganidwa ndi fodya kuyambira pa nazale kufikira pa cigafa, ayambe ndi mbuzi za theka, aphunzire nazo kudyetsa ndi kukama, ndipo akwere pang'onopang'ono. Amene sangathe ngakhale izi, asanyoze mbuzi ya makolo: mikota iwiri yopatsidwa gaga wodzaza manja ndi masamba a nandolo, ana ace atapatulidwa usiku ndi kubwezedwa m'mawa titakama, ipatsa mkaka wa phala la mwana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pogula tione mbuzi iri kukamidwa ndi maso athu, tifunse za amace ndi za tonde amene anaibala, tigwire bere kuti tione ngati liri lofewa ndi la nsonga ziwiri zolingana, ndipo titsegule cikope. Tikafika nayo kwathu ikhale payokha milungu ingapo isanasakanizidwe ndi zina. Tisunge kabuku kolembamo mkaka wa tsiku liri lonse, pakuti ndi kabukuko kadzatiuza mbuzi yoyenera kusunga ana ace ndi yoyenera kugulitsa.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Cifukwa ninji mkaka wa Saanen uli ndi mafuta ocepa kuposa wa mbuzi ya makolo?
2. Mbuzi yopatsa malita 2 a mafuta magawo 4 pa 100 yapereka magalamu angati a mafuta pa tsiku?
3. Msoti wa magawo 50 ukakweredwa ndi tonde wa magawo 50, ana ace adzakhala ndi magawo angati a mwazi wa kunja?
4. M'mudzi mwanu, ndi cakudya citi cimene cingapezeke m'mwezi wa Okutobala cokwanira mbuzi ya malita 2?

Yankhani funso lacinailo poyamba, ndipo mukambirane ndi mlangizi wa kwanu ndalama zisanaturuke m'thumba.